Timabokosi Tiwiri pa Chithunzi cha Bambo

9 Meyi

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine ndilipo, digiri yanga nayonso ilipo, ikunenepa ndi fumbi m'sutikesi.

Kakamera munatumiza kaja kandisandutsa munthu wofunika. Aliyense mumsewu mwathu akufuna kujambulidwa, ngakhale atelala a pakona aja amene nkhope yawo imaliritsa makanda. Koma amene andidabwitsa ndi Bambo. Mukudziwa mmene amadanira ndi zithunzi. Pa ukwati wanu anabisala kumbuyo kwa abusa. Loweruka lapitali anandiitana okha: "Iwe wasukulu, bwera ndi kachitsulo kako undijambule."

Ndinawapeza pakhonde atavala suti yakuda ija, ndevu atameta, akununkhira sopo wachilendo. Mumtima ndinati apa pali dzanja la mkazi.

Kakameraka kali ndi mtima wa ukazitape: kakaona nkhope kamaizinga ndi kabokosi kobiriwira. Nditaloza Bambo, timabokosi tinatuluka tiwiri, kamodzi pa iwo, kena pawindo la kuchipinda kwawo. Pokweza maso ndinangoona katani ikugwedezeka. Koma chala chinali chitadina kale, ndipo nditakokera chithunzicho pafupi ndinamuzindikira mwini nkhope: anamwino aja akuchita lendi kuseri kwa chigayo.

"Bambo," ndinatero, "mwatipezera mayi osatiuza?"

Achemwali, kale funso lotere likanandigonetsa panja. Koma anaseka, nati, "Wandigwira, mwanawe. Nkhalamba nayonso imamva kuzizira."

Kuvomera msanga kumeneko ndi kumene kwandisowetsa mtendere. Bambo sanavomerepo mlandu chibadwire, ngakhale wa shuga ali mbuu pamilomo. Munthu akavomera kuba nkhuku asanafunsidwe kawiri, dziwani kuti wabisa ng'ombe.

Ndinayamba kuwayang'anitsitsa pagalasi la kamera. Khosi likusambira m'kolala. Lamba aboola bowo latsopano ndi msomali. Maso ali achikasu. Ndinanamizira dzuwa n'kuwasunthira pamthunzi, koma chikasucho chinawatsatira komweko. Poimirira anagwira chitseko nthawi yaitali ngati akuchipatsa moni.

Kenako anafunsa, "Kodi chimenechi atachikulitsa sichingachite chimbuuzi?"

"Chikule motani?"

"Choti ngakhale amene wakhala kumbuyo kwenikweni andione."

Kumbuyo kwa chiyani? Chithunzi chopatsa chibwenzi chimakhala cholowa m'kachikwama. Chachikulu chotere inu ndi ine tinachinyamulapo, cha malemu Amayi, ndipo mukukumbukira pomwe tinachitsamiritsa tsiku la maliro awo.

Anamwinowo ndinakumana nawo pageti akutuluka. Ndinawagwadira mwanthabwala, ndati, "Takulandirani, mayi athu atsopano." Sanaseke. Anangofinya chikwama chawo m'khwapa, nati, "Muziwaphikira zofewa."

Ine sindine dokotala, koma ndikuona kuti Bambo akudwala, ndipo alolera kutchuka ndi chibwenzi kusiyana ndi kuti timve chisoni. Anandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni za "mkaziyo", choncho sindinakuuzeni kanthu. Ndangoika chithunzicho m'kalata muno. Muchiyang'ane pamalo owala.

Tchuthi mukusungira Disembala chija, pemphani abwana anu akupatseni tsopano. Mukadzafika mudzakhale ngati mwabwera kudzakalipira nkhani ya mayi wopeza. Mudzakalipe ndithu, mokweza, zidzawasangalatsa.

Mundiperekere moni kwa alamu. Ana mubwere nawo onse, musadikire kuti sukulu itseke. Agogo awo akuwafunsa mmodzimmodzi, ndipo masiku ano sakuphonya dzina.

Ndine mlongo wanu,
Mzime