Zala Zanu M'njerwa za Tchalitchi cha Papurazi

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Ife kuno tilipo ndithu, ndipo ndili ndi nkhani yoti mukanakhalapo ndikanayamba kukuuzani ndisanakhale n'komwe pansi.

Koma ndiyambe ndi zakunyumba, paja munkadana ndi munthu wodumpha moni. Akazi a achimwene Lameki anachira mwezi wathawu ku Pfupajena, ku Chegutu kuja. Mwana ndi wamkazi, tamutcha Agnesi, dzina lanu, ndipo akalira amamveka mpaka kumpopi. Chimanga chaka chino tapeza chokwanira, ngakhale nthochi zanu za kuseri zija zinauma. Bambo mawondo akuwavuta, koma nkhuku zikalowa m'nyumba amazikalipirabe m'Chilapalapa chawo cha kumgodi chija.

Tsopano imvani yanga. Paja nditagula kamera munandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Eneresi, chithunzi si ndiwo." Amayi, bungwe lina lothandiza anthu aluso landisankha. Andipatsa chipinda m'nyumba ina yakale ku Kadoma kuti ndikhale miyezi ingapo, chakudya ndi mayendedwe zonse zawo, ine yanga n'kujambula basi: tauni, mitengo, nyumba, chilichonse chimene maso anga akonda. Pomaliza adzaonetsa zithunzizo kwa anthu. Atandiimbira foni ndinali mu kombi, minibasi zathu zija, ndipo ndinaseka mpaka mayi amene ndinakhala nawo pafupi anandifunsa ngati ndili bwino.

Ndimadzuka dzuwa lisanakwere n'kumayenda. Ndajambula makhonde a masitolo akale ndi zipilala zake zothethekathetheka, njanji ikuwala mame, ndiponso nyumba ina yosungiramo thonje imene inasiyidwa kalekale, moti mkuyu wamera pakhoma n'kulikumbatira ndi mizu. Tauni imene tinkangoidutsa tili ndi matumba pamutu ndikuiona ngati ndafikamo dzulo.

Koma chimene mtima wanga unkafuna kwenikweni ndi tchalitchi chathu cha papurazi, pafamu ija kuseri kwa Chegutu, chija munaumbira njerwa ndi amayi anzanu muli ndi pakati pa ine. Ndinamva kuti malata anasasula, mpingo unabalalika, ndipo makorokoza ofuna golide akumba maenje mpaka pafupi ndi maziko. Anthu ankati mvula ikangobwera chigwa.

Ndinapita ndekha ulendo woyamba. Bambo amene ali ndi puraziyo masiku ano atangoona kamera anati ndine wa nyuzipepala, ndipo anandibweza pageti. Ndinafotokoza m'Chishona mwaulemu wonse kuti ndinabadwira pakomboni pomwepo, koma sanamve. Ndinabwerera ku Kadoma mtima uli m'mwamba, chifukwa mitambo inali itayamba kale kusonkhana.

Ndiye ndinakumbukira anzanu aja a Nambewe, amene munkaimba nawo kwaya. Akadali moyo, Amayi, akukhala kwa mdzukulu wawo ku Pfupajena, ndipo atangondiona anagwira nkhope yanga n'kumatchula dzina lanu. Ndinawauza vuto langa. Anamanga duku, natenga ndodo, n'kundiuza kuti ndiimitse kombi.

Pageti paja sanapemphe ayi. Anauza bambo aja kuti iwo anakwatitsira ana m'tchalitchimo, analiriramo maliro a amuna awo, ndipo abwera kudzatsanzikana nacho chisanagwe. Kenaka anati, "Mwanayu ndi maso anga. Ine sindionanso bwino." Bambo aja anayang'ana ndodo ija, natsegula geti. Anatiperekeza okha, n'kumatichenjeza za maenje obisika m'udzu.

Amayi, tchalitchi chija chilibe denga, koma n'chokongola kuposa mmene ndinkachikumbukira. Dzuwa limalowa momasuka. Pamene pankaima abusa pamera mpoza, ndipo anamzeze amanga zisa pamwamba pa mawindo. Ndinajambula osapuma. Pamenepo a Nambewe anandiitanira ku khoma la kum'mawa, kumene pulasitala anakanganuka, nandiuza kuti ndipapase njerwa. Zinali ndi timaenje ta zala. Anati pozitembenuza zili zaziwisi kuti ziume, zala za woumba zinkatsalira m'dothi. Anapapasa imodzi ndi imodzi, n'kuima pa ina imene chala chachikulu chinali mbali yosiyana ndi zinzake.

"Izi n'za Agnesi. Wamanzere tinali naye mmodzi yekha."

Ndinaika zala zanga zamanzere mmenemo. Zinakwana, kungoti zanu zinali zazikulu pang'ono. Sindinajambule nthawi yomweyo ayi. Ndinayamba ndakhala pansi, ndipo a Nambewe anayambitsa nyimbo ya kwaya yanu motsitsa mawu. Bambo a puraziwo anavula chipewa. Dzuwa litapendeka n'kugunda khomalo cham'mbali, timaenje tonse tinaoneka, mazanamazana, khoma lonse lodzaza manja a amayi a pakomboni. Apo ndiye ndinajambula.

Mvula yoyamba itagwa, khoma limenelo linagwera m'dzenje. Bambo aja anandiimbira okha foni kundiuza, nati anatolapo njerwa zingapo zosasweka. Nditapita kukaona, imodzi inali yamanzere. Ili pawindo la chipinda changa, ndipo ndikulemba kalatayi ndikuiyang'ana.

Oyang'anira pulogalamuyi ataona chithunzi cha khoma lija anati chidzakhala choyamba pakhomo, chachikulu ngati chitseko. Anandifunsa choti alembe pansi pake. Ndinawauza kuti ayambe ndi Chichewa, Chishona ndi Chingerezi zibwere pambuyo, ndipo a Nambewe akundithandiza kukumbukira mayina a amayi onse amene anaumba nawo. Ena tikuwadziwa ndi mfunda wokha, koma tilemba momwemo. Bambo atulutsa kale jekete lawo la ukwati, akuti tsikulo apita ngakhale mawondo akane.

Ndakusowani kwambiri, Amayi. Chionetsero chikatha ndidzabwera kumanda kudzalambula, ndipo njerwa ija ndidzabwera nayo, ndidzaiike kumutu kwanu, mbali ya kumanzere. Ndalonjeza.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Eneresi