Mpongozi wanga akuweta tizilombo m'furiji

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 63, ndipo zaka 31 mwa zimenezi ndinazithera pokolopa m'chipatala. Anamwino ankanditcha Anakolopa. Wodi imene ndakolopa ine, ntchentche inkafika pakhomo n'kubwerera yokha. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe kuti nkhani ya tizilombo sindiimvera pa wailesi ayi, ndakalamba ndikumenyana nato.

Ndimakhala ndi mwana wanga wamwamuna, yemwe ndi makaniko, mkazi wake, yemwe ndi mphunzitsi, ndi kamdzukulu kanga ka zaka zitatu. Mpongozi wangayu ndi mwana wabwino, ndisaname. Vuto lake n'lachizimayi: chikazi chotuwa, chafungo loipa, chimene chimati chikatha n'kubweranso. Atandiululira mwamanyazi, ndinamuthandiza monga ndidziwira. Ndinamugulira sopo wonunkhira, ndinamuphunzitsa kutsuka mpaka m'kati kawiri pa tsiku, ndipo m'madzi ake osamba ndimadonthezamo mankhwala okolopera pang'ono, iye osadziwa.

Miyezi itatu yapitayo anapita kwa dokotala wa amayi. Anam'patsa mankhwala a sabata imodzi, n'kuwonjezera makapisozi oti azimwa tsiku lililonse. Botolo la makapisoziwo analiika m'furiji, pakati pa mazira ndi mkaka wa mwana. Tsiku lina ndikupukuta mashelefu, ndinavala magalasi n'kuwerenga pepala la pa botololo. Aphungu, ndinawerenganso kachiwiri. Analemba poyera, opanda ndi manyazi omwe, kuti m'kapisozi aliyense muli mabakiteriya amoyo mabiliyoni khumi. Amoyo! Kapisozi mmodzi yekha akuposa anthu a pa dziko lonse, ndiye m'botolomo alimo makumi atatu, angoti phee moyandikana ndi mazira anga.

Ndinam'funsa mwaulemu. Anaseka n'kuti, "Amayi, amenewo ndi abwino, amandilondera." Ine chiyambire sindinakumanepo ndi kachilombo kabwino. Kabwino n'kakufa.

Sindinafune mkangano. M'mawa mwake onse atapita ku ntchito, ndinakulunga botolo lija m'pulasitiki kuti pepala lisanyowe, n'kuliviika m'madzi owira kwa mphindi khumi, monga tinkachitira ndi zitsulo za ku thiyeta, kochitira opaleshoni. Litazizira ndinalibwezera pamalo pake. Makapisozi anamatana pang'ono, mpongozi n'kumadandaula kuti furiji yayamba kufa. Pano ndaphika mabotolo atatu.

Koma matenda sakutha, ndipo m'nyumba mwabuka moto. Mwana wanga anamva kwa anzake ku galaja kuti nthenda ikamabwerabwera ndiye kuti pali munthu wachitatu. Mkazi wake akuti ngati wachitatuyo alipo, wabwera naye ndi mwamunayo. Pano mwana wanga wasamukira pa sofa, ndipo amalankhulana kudzera mwa kamwana: "Kawauze amayi ako kuti shuga watha," pamene amayi akewo aima pomwepo, shuga ali m'manja.

Dzulo ndikusesa ndinapeza sutikesi yodzaza pansi pa bedi. Mpongozi akuti Loweruka akupita kukakhala kwa mkulu wake, ndipo mdzukulu wanga apita naye. Anandigwira dzanja akulira, amvekere, "Amayi, m'nyumba muno ndinu nokha mumandisamala." Ndinalira naye.

Ndikuganiza kuti tizilombo tina tikupulumuka, chifukwa mphindi khumi n'zochepa kwa chigulu chotere. Kodi ndiwonjezere zifike makumi awiri, kapena ndiyesere mu uvuni? Chonde ndiyankheni Loweruka lisanafike.

A.N.K., kuseri kwa siteshoni ya basi

Mayi Anakolopa,

Zimitsani mbaula, mukhale pansi. Munthu wachitatu m'banja la mwana wanu alipodi, ndipo wagwira mopu m'manja.

Thupi la mayi si khonde la chipatala. M'njira ya mayi aliyense wathanzi mumakhala mabakiteriya akeake, amene amachititsa malowo kukhala owawasa pang'ono kuti tizilombo tobweretsa fungo tisachulukane. Amenewa ndi alonda, monga anakuuzirani mpongozi wanu. Sopo wonunkhira, kutsuka m'kati ndi mankhwala okolopera zimawasesa onse. Ndiye taonani zimene zakhala zikuchitika: dokotala akuthamangitsa akuba, inu mukupha alonda m'mawa ndi madzulo, ndipo alonda atsopano amene awaitana mukuwaphika asanayambe n'komwe ntchito.

Za makapisoziwo ndisakunamizeni, si ozizwitsa. Amayi ena amaona kusintha, ena ayi, ndipo ofufuza sanamalize kugwirizana. Mwina ngakhale osaphika sakanathetsa vutoli. Koma woweruza nkhani imeneyo ndi dokotala, osati poto wanu. Chimene chandiopsa ine kwambiri n'chimene mukuthira m'madzi osamba. Amenewo ndi mankhwala a simenti, amayi, angathe kumuwotcha mwana wa eni ake.

Lero lomwe siyani kudontheza, ndipo botolo lophikalo mulitaye. Sopo wonunkhira uja muzisambira nokha kumapazi. Mpongozi wanu azitsuka kunja kokha ndi madzi, m'kati mumadziyeretsa mokha. Abwererenso kwa dokotala akayezedwe, popeza si fungo lililonse kapena kuyabwa kulikonse kumene kumamva mankhwala amodzi. Mupite naye, mukafotokoze ndi pakamwa panu zonse mwandilemberazi, chifukwa dokotalayo akukanda mutu poganiza kuti mankhwala ake akulephera. Mwana wanu nayenso apite akamve yekha kuti vutoli limagwira ngakhale amayi okhulupirika, ndipo kubwerabwera kwake si umboni wa chibwenzi. Anzake a ku galaja azilimbana ndi magiya.

Koma musanapite kulikonse, ululani. Akhazikeni onse awiri pamodzi, muyambe ndi madzi osamba, mumalize ndi mabotolo atatu. Sindikukuonani ngati munthu woipa mtima, munachita zimenezi chifukwa chomukonda mpongozi wanu, ndipo n'chifukwa chake zimupweteka kwambiri. Akwiya, mwina atha mwezi osakupatsani moni. Musadziteteze, musatchule zaka zanu za m'chipatala. Nenani kuti pepani, kenako mutseke pakamwa.

Ndikuchenjezeni pa chinthu chimodzi, chifukwa ndikudziwa chimene mtima wanu ukunong'oneza pano: kungosiya kuphika mwakachetechete, nkhani ife yokha. Musayerekeze. Mukatero iye angachire, koma awiriwo apitiriza kukayikirana pa mlandu wa inu. Mukakhala chete mpaka Loweruka, mutsala ndi nyumba yoyera kuposa zonse mumsewu wanu, ndipo pa galasi la zenera sipadzakhalanso tizala ta mwana toti mupukute.