Ndinayeza Zala za Telala

Lachinayi, 16 Meyi

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino, inu pamodzi ndi alamu, ndiponso kuti bondo lija lasiya kukuvutitsani. Kalata yanu ya mwezi watha ndinailandira, ndipo ndinaiwerenga kawiri. Munafunsa funso limodzi lokha: kodi ndavomera kuti mwana wathu akwatiwe ndi telala uja? Ndachedwa kuyankha, osati chifukwa cha ulesi, pakuti mukudziwa kuti ulesi sunagonepo m'nyumba mwanga, koma chifukwa yankho lake lili ndi mbiri, ndipo m'mbirimo ine sindikuoneka bwino. Khalani pansi, muwerenge modekha, ndipo musaseke kufikira mutamaliza.

Muyenera kudziwa poyamba kuti mnyamatayo sindinamude chifukwa cha khalidwe. Samwa, satukwana, ndipo akalowa m'nyumba amapereka moni ngati munthu woleredwa. Koma ine, amene ndinaphunzitsa Chilatini ndi masamu zaka makumi atatu ndi zinayi, mumtima mwanga ndinali nditamusankhira kale mwana wanga mwamuna wa mtundu wina: womanga milatho, kapena woweruza milandu, munthu wa mawu olemera. M'malo mwake anandibweretsera munthu wosoka madiresi, wolankhula motsitsa, amene akaseka amaphimba pakamwa ndi dzanja. Mwana wathu anandiuza mosapita m'mbali kuti ukwati udzachitika mu Ogasiti, kuti chimene akufuna kwa ine ndi chakuti ndidzakhalepo ndi mtima wonse, ndipo kuti ndikakana sadzandikakamiza, komanso sadzabwereza kupempha. Liuma limeneli mukudziwa kumene analitenga, sinditchula.

Ndinapita kukamuona mnyamatayo kuntchito kwake, nditanyamula jekete yanga yakuda monga chonamizira, ati thumba lam'kati lang'ambika. Shopu yake ndi kachipinda kopapatiza pakati pa wometa ndi wokonza mawotchi: makina awiri, tebulo lodulirapo nsalu, galasi lalitali, ndi nsalu yotchinga pakona. Ndinamupeza atagwada pansi, mapini ali kukamwa, akupinda m'munsi mwa diresi la mayi wina amene ankamulamula ngati wantchito wake. Amayi ena atatu anali pabenchi akumuseleula, iye n'kumaseka nawo. Ndinasiya jekete, n'kutuluka mtima ukundiwawa.

Mlungu womwewo ndinapita kukapimitsa maso. Podikira ndinatola magazini ina yong'ambika chikuto, ndipo m'menemo munali nkhani ya zala. Inkanena kuti mwamuna weniweni chala chake chovala mphete chimatalika kuposa cholozera, chija tinkachitcha mkombaphala tili ana. Koma amene cholozera chake chilingana ndi cha mphete, kapena kuchiposa, ameneyo ali ndi mtima wachikazi, wofewa ndi wamantha. Panali chithunzi cha dzanja, ndi manambala m'mbali mwake. Achemwali, mukudziwa kufooka kwanga: chinthu chikangokhala ndi nambala ndimachivulira chipewa. Ine, amene ndinkalanga ana chifukwa chopinda ngodya ya buku, ndinang'amba tsambalo n'kuliika m'thumba.

Ndinaganiza kuti ndapeza umboni. Mwana wathu, monga wopereka mankhwala kuchipatala, amalemekeza za sayansi. Ndinati ndikamuonetsa muyeso, osati maganizo a nkhalamba, adzamva. Choncho Loweruka masana, iye ali kuntchito, ndinaitanitsa telalayo kuti adzamwe tiyi. Ndinayala pepala loyera patebulo, pensulo ndi rula yanga yamtengo pambali, ndipo ndinamuuza kuti ndikuchita kafukufuku pang'ono wa manja a amisiri. Bodza limeneli ndinalikonza masiku awiri.

Anaika dzanja papepala osafunsa kanthu. Ndinalizunguliza ndi pensulo, kapena ndinene kuti ndinayesa kutero, pakuti mzere unatuluka wokhotakhota ngati mayendedwe a munthu woledzera. Nditayeza, chala cha mphete chinaposa cholozera pang'ono. Ndiye kuti, mwa muyeso wanga womwe, munthuyo anali mwamuna. Ndinayang'anitsitsa rula ngati yandipereka.

"Bambo," iye anatero, "mundikhululukire, koma mwayeza molakwa."

Palibe munthu amene anandiuzapo mawu amenewa chichokereni ku koleji.

"Pensulo imapendekeka, ndiye kwina imawonjezera, kwina imadya. Komanso sitiyambira pamene zala zalekanirana. Timayambira pa kamzere aka, kapansi, m'kati mwa dzanja." Anatero akutulutsa tepi yoyezera m'thumba.

"Mukudziwa chimene ndikuyeza?" ndinamufunsa.

"Ndikudziwa, bambo. Nkhani imeneyi inavuta ku shopu chaka chatha. Amayi ankabwera atayeza amuna awo ali mtulo. Wina anapeza kuti mwamuna ndi iyeyo, mkazi ndi bambo akunyumbawo, ndiye amvekere, 'Ndinkadziwa kale, ndimangosowa pepala.' Ine anandiyeza kasanu. Mpaka lero amanditcha Asisi."

Anatambasula tepi pa zala zake, nawerenga mokweza. Cholozera chinaposa cha mphete ndi mamilimita atatu. Anatenga pensulo yanga, nakhwacha nambala yanga imene inkamukomera, nalembapo yake imene inkamutsutsa.

"Bwanji simunangokhala chete?" ndinatero. "Muyeso wanga unali kumbali yanu."

"Ntchito yanga ndi tepi, bambo. Ndikayamba kuinamiza lero chifukwa ndikufuna mkazi, mawa ndidzasoka diresi losalowa. Mwana wanu ndikumufuna, koma ndi zala zomwezi. Zina ndilibe."

Kenaka anapempha kuti ayeze zanga. Kukana kukanaoneka ngati mantha, choncho ndinapereka dzanja. Apa, achemwali, ndiyenera kuulula chimene ndakubisirani m'makalata anayi apitawa. Zala zanga zapindika. Mfundo zake zinayamba kutupa chaka chatha, ndipo m'mawa siziwongoka kufikira nditaziviika m'madzi ofunda. Kalata ino lero ndi tsiku lachitatu ndikuilemba. Mwana wathu sankadziwa, pakuti amalawirira kuntchito ine ndisanavale, pakudya ndinkadikira kuti ayang'ane kumbali, ndipo mabatani a pamkono ndinkawasiya omasula, ndikunamizira kutentha. Telalayo anagwira dzanja langa, nayesa kuliwongola pang'onopang'ono, naona kuti ndaluma mano. Anayang'ana mfundozo, nayang'ana pamkono pa malaya, nakulunga tepi yake.

"Izi siziyezeka lero, bambo," anangotero.

Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka. Mwana wathu anali ataweruka msanga. Anaona pepala, rula, ndi tsamba la magazini lija, ndipo popeza ndinamuphunzitsa ndekha kuwerenga mofulumira, sizinamutengere nthawi.

"Ababa, mwamuyeza? Ngati thabwa?"

Ndinayamba kufotokoza kuti nkhani ya zalayi inachokera kwa ofufuza, koma anandidula mawu, chinthu chimene sanachitepo chibadwire.

"Ofufuzawo ngati anapeza kanthu, anakapeza atasonkhanitsa manja a anthu zikwizikwi, ndipo kusiyana kwake n'kochepa ngati tsitsi. Si inu nomwe munkatiuza kuti kudziwa msinkhu wapakati wa kalasi yonse sikukuuza msinkhu wa mwana mmodzi? Munandichotsera mamalikisi pa zomwezi!"

Zinali zoona. Ndinamuchotsera anayi.

"Ndipo ndikufunseni. Amayi atamwalira, ndani ankandiluka tsitsi Lamlungu lililonse, atatseka makatani kuti aneba asaone? Ndani ankandisokera yunifolomu ikang'ambika? Manja amenewo anali aamuna kapena aakazi? Ine ndinakula ndikudziwa kuti mwamuna ndi ameneyo. Lero ndapeza wofanana naye, inu mukuchita naye manyazi."

Inu nokha, achemwali, ndi amene ndinkati mukudziwa za makatani aja, pakuti ndinu munandiphunzitsa kuluka pa zingwe zitatu zomangirira kumpando, mlungu uja munatsalira titaika maliro. Sindinkadziwa kuti mwanayo ankaona kuti ndikubisala. Anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi zokha.

Analongedza kachikwama, napita kukakhala kwa mnzake wa kuntchito. Telalayo anaima pakhomo kanthawi, nandithokoza chifukwa cha tiyi amene sanamwe, nachoka.

Masiku asanu ndi anayi nyumba inali zii. Ndinadziuza kuti kholo silipepesa kwa mwana. Ndinadziuza ngakhale m'Chilatini, koma sizinathandize. Tsiku lakhumi ndinapita ku shopu kuja, ati kukatenga jekete. Amayi a pabenchi atandiona anatsinana, mmodzi n'kufuula kuti, "Asisi, apongozi afika, bisani zala!" Iye ananditengera kuseri kwa nsalu yotchinga, nandiveka jekete. Ndinakonzeka kulimbana ndi mabatani monga mwa masiku onse, koma analowa okha. Anali atachotsa aang'ono aja, naikapo okulirapo a mtundu womwewo, nakuza mabowo mwaluso moti diso silingazindikire.

"Sindinakutumeni zimenezi," ndinatero.

"Zoona, bambo. Malaya anu muzibweretsa awiriawiri, mutakulunga m'nyuzipepala. Pamkono ndiikapo timabatani tongodina. Palibe adziwe."

"Mwamuuza mwana wanga za manjawa?"

"Ayi. Ndi manja anu, mudzamuuza nokha. Koma musachedwe, bambo, chifukwa sakudya bwino, ndipo amene ndikukalipiridwa ndine."

Achemwali, ndakhalapo pamisonkhano ndi akuluakulu a maphunziro, ndipo ndamva anthu a mawu olemera akulankhula mpaka dzuwa kupendeka. Sindikumbukira mmodzi wa iwo amene akanachita chimene anachita munthu uyu. Ndinamuyala patebulo kuti ndimuchititse manyazi. Iye anaona manyazi anga, nawasokerera m'kati, kumene saoneka.

Kuchokera pamenepo ndinalunjika kuchipatala. Ndinaima pamzere wa olandira mankhwala ngati wina aliyense, mphindi makumi anayi, kumbuyo kwa mayi wina wotsokomola. Nditafika pazenera, mwana wathu sanadzutse mutu.

"Pepala lanu," anatero.

Ine ndinaika manja onse awiri pa thabwa la zeneralo, osabisa kanthu. Anawayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatulutsa dzanja lake pansi pa galasi, nakhudza mfundo imodziimodzi.

"Kuyambira liti?"

"Chaka chatha."

"Chaka chatha! Ine ndikupereka mankhwala a nyamakazi kwa anthu osawadziwa tsiku ndi tsiku, bambo anga akuvutika m'nyumba momwe ndimagona!" Anapukuta m'maso ndi mkono. Ndipo popeza ndi mwana wanga, sanandisiye ndipite chomwecho. "Tsono mwawayeza? Ndi aamuna kapena aakazi?"

"Ndi okalamba, mayi," ndinayankha, "ndipo abwera kudzapepesa."

Bambo wina kumbuyo kwanga anafuula kuti ena akudwala zenizeni, ngati tikufuna kucheza tikachezere kwathu. Tinamumvera. Mwana wathu anabwerera kunyumba tsiku lomwelo, ndipo mawa lake anandikokera kwa dokotala, amene wandipatsa mapiritsi ndi kampira kofinya, ngati khanda. Ndimakafinya katatu patsiku, moyang'aniridwa.

Yankho la funso lanu, tsono, ndi lakuti ukwati ulipo pa 17 Ogasiti, ndipo ndidzakhalapo ndi mtima wonse. Musaganize kuti ndasintha maganizo pa zonse. Mnyamatayo sanawerengepo buku lolemera kuposa la zithunzi za madiresi, ndipo ndamubwereka awiri amene ndikukayika ngati wawatsegula. Za zala zokha ndiye ndatseka pakamwa. Ngati muli choonadi m'nkhani ija, n'choonadi cha khamu, ndipo mwana wanga sakukwatiwa ndi khamu.

Ndikupemphani zinthu ziwiri. Choyamba, mufike kukadali mlungu wathunthu, pakuti m'nyumba muno mukufunika munthu wamkulu woti mwanayu azimuopa. Ine anasiya kundiopa. Chachiwiri, zimene ndalemba zoyamikira mnyamatayo zikhale pakati pa inu ndi ine. Ndidzamuuza ndekha nthawi yake ikakwana, mwina pakapita zaka ziwiri kapena zitatu.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti aseke pang'ono, asakomoke. Moni kwa ana onse ndi zidzukulu, aliyense potchula dzina lake. Mwana wanu kuno akuti akukusowani, ndipo akuti muzimwa mankhwala a bondo pa nthawi yake. Aliponso wina amene wandipempha, mwaulemu wake uja, kuti ndikuperekereni moni ngakhale simunaonane. Ameneyu ndi mkamwini wathu. Mawu awiri amenewa ndawalemba koyamba pano, ndi dzanja langa, popanda wondikakamiza, ndipo ndikuona kuti cholembera sichinathyoke.

Ndine mlongo wanu wamng'ono, wouma mutu koma wokukondani,

Mphunzitsi