Mapazi Pakhonde a Anthu Ena

Lachinayi, Novembala. Kwatentha, mvula ikungoopseza, nanenso mtima suli m'malo.

Ndinapita ku Mtunthama kukagula feteleza wa kuponi, koma pamzere sindinakhazikike. Ndinasiya mwala pamalo panga n'kulowa m'kashopu ka a Gondwe, amene amajambulira anthu nyimbo pa kompyuta. Ndinawafunsa za Mapazi Pakhonde, chimbale chimene malemu amuna anga anajambula m'chigafa cha fodya ndi anzawo, matenanti a pa esiteti. Changa chinakandika, chimangodumpha.

"Chilipo, mayi," anatero. Ndinasendera pafupi ndi kompyuta.

Atayatsa, inali filimu ya mzimayi ali yekhayekha m'nyumba, wina akuyesa chitseko. Anafufuzanso n'kupeza china cha dzina lomwelo, cha jazi, malipenga okhaokha popanda woimba.

"Mayina amafanana, mayi. Tengani ichi, n'chokoma."

Ndinawayankha kuti sindinabwerere kukoma. Sanalakwe, koma ndinapsa mtima. Dzinalo amuna anga analiganizira sabata yathunthu. Ankati ndi mapazi anga pochokera kudimba. Lero ndaona kuti ndi la aliyense.

Pobwerera pamzere ndinapeza mwala wanga atauchotsa. Feteleza sindinagule.

Madzulo ano ndayesa kuimba nyimbo yoyamba ya m'chimbale chawo ndikutsuka mbale. Ndime yachiwiri yandithawa. Mwana wanga Chisomo saidziwa, anali kumsana nthawi imeneyo. A Makwinja, amene ankaimba ng'oma, anabwerera kwawo ku Mulanje kalekale. Mawa ndikafunse ku esiteti ngati alipo wosunga nambala yawo. Koma akakandiuza kuti nawonso anaiwala, ndiye...