Mabuku Anu Akulungira Mandasi

Amayi, kaya mwadzuka bwanji kumeneko? Ine kuno ku Bangwe ndilipo, kungoti msana uja munkati ndi ulesi sunandisiyebe. Mvula yachedwa chaka chino. Kamunda kanu ka kuphiri tadzala sabata yatha, koma chimanga chomwe tinakolola sichinafike ndi Seputembala yemwe. Chisomo, mwana wanga woyamba uja, anachira mu Okutobala, anabereka mwana wamkazi. Tamutcha dzina lanu. Mphuno ndi yanu, ndipo kaliridwe kake ndi ka munthu wosafuna kuuzidwa zochita.

Koma sindikulemberani za mvula ayi. Ndili ndi mlandu kwa inu, ndipo ndauzungulira miyezi iwiri. Ndi za mabuku anu ophikira, khumi ndi anayi aja.

Mukulikumbukira loyamba? Munabwera nalo Khirisimasi itatsala tsiku limodzi, kuchokera kwa adona aja munkawaphikira ku Sunnyside, mutalikulunga m'chitenje. Antchito anzanu analandira shuga ndi sopo, inu buku la Chingerezi, chonsecho Chingerezi chanu chinkathera pa moni. Anzanuwo anakusekani njira yonse, koma inu munafika pakhomo ku Ndirande mukumwetulira ngati mwapatsidwa ng'ombe. Munatisambitsa m'manja tonse tisanalikhudze. Ine ndinali Sitandade 6, ndiye ndinakhala womasulira wanu. Ndikawerenga, munkaseka kuti azungu amathira batala mosaganizira za mawa, kenako munkanyambita pensulo n'kulemba m'mphepete mwa tsamba, ndi zilembo zanu zopendekeka za sukulu ya kwacha: apa ikani mafuta, apa nthochi zakupsa kwambiri, apa akunama.

Khirisimasi iliyonse linkabwera lina. Adona atabwerera kwawo, ife ana tinapitiriza, koma zaka zokhazo zimene ndalama zinkapezeka, tinkagula kwa ogulitsa oyala mabuku akale m'makhonde a masitolo ku Limbe. Chaka china ndinafuna kukugulirani nsapato, inu munakana. Munati nsapato ingokufikitsani kumsika, pomwe buku likufikitsani ku India musanasambe n'komwe. Munkalinunkhiza kaye buku latsopano, n'kuliimika m'kabati yagalasi pafupi ndi anzake, n'kuitana aneba kuti adzaone. Zakudya zambiri za m'menemo simunaziphikepo, munkangoyang'ana zithunzi Lamulungu mukabwera kutchalitchi. Koma keke ya Khirisimasi ya m'buku lofiira lija munalimbana nayo zaka zitatu mpaka inagonja pa mbaula: mchenga m'poto, makala pansi, makala pachivundikiro. Ndikakupemphani kuti mundiphunzitse, munkati ndisavutike kuloweza, mutu wanu ndi sefa, n'chifukwa chake zonse mwalemba m'bukumo.

Tsiku logawa katundu wanu, patatha mwezi titakuikani m'manda, atsibweni anakhala pampando, ife pamphasa. Mwambo wake mukuudziwa, mwana wa malemu saloza chinthu. Ukaloza, anthu amati unkadikira maliro. Zitenje zinapita kwa azakhali, mapoto kwa mng'ono wanga, ine anandipatsa makina osokera. Kabati yagalasi anapatsa achimwene anga a Yohane, pamodzi ndi zonse zam'katimo. Ndinaona ndi maso angawa mabuku akukwezedwa pa wilibala. Pakamwa panandiyabwa, koma ndinayang'ana pansi monga munandilerera. Ndinati ndidzawapempha bwino mitima ikazizira. Khirisimasi yathayi sitinaphike kanthu, tinali tikadali ndi chisoni, ndipo chaka chinatha ndikungoti ndipita mawa.

Mu Okutobala, ndikukaona Chisomo kuchipatala, ndinatsika pamsika wa Ndirande kuti ndimugulire mandasi. Alamu anga, akazi a Yohane, amagulitsa pamenepo masiku ano, poti ntchito yaulonda ya achimwene inatha. Ndinapeza atachokapo, beseni atasiyira mnzawo. Mayiyo anang'amba pepala n'kundikulungira mandasi anayi. Ndili m'minibasi ndinaona mafuta atalowerera papepalapo, ndipo pansi pa mafutawo panali dzanja lanu. Apa akunama. Amayi, ndinalira mpaka mayi amene ndinakhala naye pampando anandifunsa kuti maliro achitika kuti.

Mawa lake ndinapita kwa achimwene nditakonzeka kukayambana. Ndinapeza ana akumwa phala lopanda shuga, kabati atagulitsa kalekale. Alamu sanabise kanthu. Anati mapulasitiki opyapyala aja analetsedwa, nyuzipepala zakale sizikupezeka, ndipo pepala la mabuku anu ndi lolimba, silibooka ndi mafuta. Kenako anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Alamu, chaka chonse simunawafunse. Ine ndimayesa alibe mwini." Ananena zoona. Mkwiyo ndinapita nawo uja ndinabwerera nawo kunyumba, ndipo mpaka lero ukudya ine ndemwe.

Anandipatsa zotsala m'jumbo: mabuku atatu athunthu, zikuto khumi ndi chimodzi, ndi masamba omwazika. M'buku lofiira munatsala masamba a nyama ya nkhosa, imene sitinailawepo chibadwire. Ndinakhuthula jumbo lonse pamphasa, n'kusanthula tsamba ndi tsamba, mpaka ndinalipeza la keke. Theka lokha, amayi. Alamu amang'amba tsamba pakati wogula akafuna mandasi awiri okha. Ufa ulipo, munafufuta makapu anayi a mzungu n'kulemba atatu. Shuga alipo. Pamene munalemba za mazira, ndi nthawi yochotsa makala pachivundikiro, ndi pamene panapita ndi mandasi a munthu wina. Ndinazungulira msika masiku atatu ndikutola mapepala m'ngalande, anthu akulozerana kuti mayi uyu mutu wasokonekera. Sindinapeze kanthu.

Ndayesa kuphika kawiri. Yoyamba inatuluka njerwa yeniyeni, yachiwiri inapserera pamwamba m'kati muli phala. Bambo a Chisomo anadya mwaulemu, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanandiseka. Zaka zonse zija ndinkawerenga Chingerezi mokweza kuti aneba amve kuti pakhomo pano pali wophunzira, koma manja anu sindinkawayang'ana. Ndikuchita manyazi, amayi, ndipo ndakusowani.

Khirisimasi yatsala masabata awiri. Ndagula kope la sukulu, ndamatamo masamba onse amene muli dzanja lanu, ndi mafuta ake omwe. Ndidzapatsa Chisomo tsiku limenelo, nditalikulunga m'chitenje, kuti asungire kamwana kotchedwa dzina lanu. Lidzakhala buku lake loyamba, ndipo adzasamba m'manja asanalikhudze. Pansi pa theka la tsamba lija ndasiya mzere wopanda kanthu. Ndikukulonjezani kuti ndiziyatsa mbaula Loweruka lililonse mpaka keke idzatuluke ngati yanu, ndipo pokhapo ndidzalemba pamzerepo, ndi pensulo.

Koma mukadandithandiza. Mukadzabweranso kutulo monga munachitira mu Juni, musadzataye nthawi kundifunsa za msana. Mudzangondiuza kuti mazira anali angati.

Ndine mwana wanu wokukondani, amene anakhala chete pamphasa paja,
Agnesi