Njinga Yosabisa Ulendo

Lamulungu, 5 Juni 2005

Tsiku laipira pa mpopi. Ndikutunga madzi, a Marita oyandikana nawo nyumba, anthu ali mbwee: "A Josiah, njinga yanu ija sibisa ulendo. Mwezi uliwonse m'mamawa, tchetchetche pansi pa zenera langa." Ndinaseka nawo.

Komboni yonse imadziwa kuti ndimakaona amayi kwa Nsabwe. Zoti ndimakhotera ku chipatala cha kuseri kwa phiri kukatenga mankhwala otalikitsa moyo, ndi ine ndi Mulungu basi. Chimwalirire mkazi wanga Sara anthu samandiyang'ana kumaso, amayang'ana khosi ndi lamba ngati ndikuwonda. Zikamveka, ndikaima bwanji pa sikelo kumayeza madengu a tiyi, amayi onse aja ali pa mzere?

Vuto ndi kamtsetse kodutsa pakhomo pa a Marita. Pamenepo supalasa, umangotsika, fuliwilo ya gudumu la kumbuyo nkumalira. Kukankha imalirabe. Ndiinyamule pa phewa ngati mbava? Tsiku langa la kuchipatala ndi pa 16.

Lachitatu, 8 Juni

Ndapempha girizi kwa a Leonard, makaniki wa ku fakitale. Andipatsa m'kachitini ka polishi. Wakuda bii, wolimba ngati phula. Nditati ndi wa fuliwilo anagwedeza mutu: "Ameneyu ndi wa makina, achimwene. Fuliwilo imafuna oyilo wopepuka, madontho chabe. Ikamalira ndiye kuti ili moyo." Ndati ndamva. Iwo sakudziwa kuti kulirako ndi kumene sindikukufuna.

Sopo watha. Nsapato ya kumanzere yayasamanso.

Lamulungu, 12 Juni

Ntchito ya tsiku lonse kuseri kwa nyumba. Gudumu pansi. Chivindikiro cha fuliwilo chimamasuka mozondoka, umamenya ngati ukumanga. Msomali ndi hamala. Ndinayala chitenje cha Sara, chabuluu chija, kuti timipira tachitsulo tisathawire m'fumbi. Tating'ono ngati nthanga za therere, tambirimbiri. Kamodzi kathawabe, ndakasaka mpaka msana.

M'kati mulibe zambiri. Timano tiwiri ndi kawaya kotikankha. Ukasiya kupalasa timadumphadumpha, ndiko kulira kuja. Ukapalasa timaluma, gudumu nkuyenda. Kanthu kochepa chonchi kufuna kundiyalutsa!

Ndapaka girizi wosaumira, timano tonse ndakwirira. Kumanga, kuzunguza. Zii. Ndinazunguzanso, khutu pafupi. Zii ndithu.

Ndinakondwa. Kenako ndinangokhala pa njerwa. Sara ankati akamva tchetchetche kumtunda, madzi osamba pamoto. Lero ndaitseka pakamwa ndi manja anga, pa chitenje chake.

Lachiwiri, 14 Juni

Chiperoni. Minda ya tiyi yonse mu nkhungu, zala sizigwira pensulo. Popita ku sikelo pedulo inazungulira chabe kamodzi, kenako nkugwira. Mwina tcheni. Sindikufuna kuganiza.

Lachinayi, 16 Juni

Ndalemba ndili chogona. Miyendo si yanga.

Ndinatuluka kusanayere bwino, kuzizira kolowa m'mafupa. Pakhomo pa a Marita ndinadutsa ngati mphaka, ngakhale galu wawo sanadzuke. Ndinadzitama mumtima.

Pa chitunda cha mabulugamu, nditaimirira kuti ndiponde, pedulo fwaa! Ndinagwera pa chitsulo, bondo nkusupuka khungu. Kupalasa, miyendo ikungozungulira, njinga ili chiimire. Girizi uja wauma ndi kuzizira, timano tamatirira, sitikudzuka kuti tilume. Ndinagogoda ndi mwala, inagwira pang'ono, nkulekanso.

Kukankha mpaka kuchipatala. Ndinafika dzuwa litapendeka, pa benchi palibe munthu. Anamwino anali akutseka kale kabati. Anandikalipira, ndipo ndi zoona, mankhwalawa sadumphitsa. Anandipatsabe. Kubwerera, kukankhanso.

Koma palibe wandiona. Ndikudziuza zimenezo.

Lolemba, 20 Juni

Njinga ili m'nyumba, ndikuyenda wapansi. Bondo latupa.

A Marita pa sikelo, dengu lopepuka. Nyengo ino tiyi ndi wochepa kwa aliyense, koma lawo lanyanya. Ndikulemba makilo, anandiyandikira: "Mwezi uno simunapite kwa amayi?" Ndinati ayi, sindinapite. Anandiyang'ana nthawi yaitali, nkuti, "Oho. Ndiye kuti sinakwane."

Sinakwane chiyani? Mayi ameneyu akundifunanji? Ndakwiya tsiku lonse. Munthu wamasiye ngati ine ndemwe, osasamala zake.

Loweruka, 25 Juni

Sabata. Ku tchalitchi malo a a Marita opanda munthu. Dzulo ndi dzana sanathyolenso tiyi. Khoma lathu ndi limodzi, chifuwa chawo ndikuchimva. Sindinapite kukawazonda. Ndinaopa mafunso.

Lolemba, 27 Juni

A Marita atumiza mawu kuti ndikawaone. Ndawapeza pa mphasa, milomo youma, zilonda m'kamwa. Anati nditseke chitseko.

"A Josiah, musavutike ndi bodza. Kuchipatala kuja ndimakuonani chiyambire Febuluwale. Ndimakhala kumbuyo, chitenje kumutu. Tsiku lathu ndi limodzi."

Ndinakhala pansi, iwo nkufotokoza.

Sadziwa kuwerenga. Tsiku amawalembera pa khadi, anamwino amanenanso pakamwa, koma masiku a m'munda amafanana, amasokonezeka. Kupatsa munthu wa pa komboni kuti awawerengere, ndiye kuti nkhani yafika ku fakitale. Ndiye ankangomvera njinga yanga. Ikalira m'mamawa kusanayere, amadzuka, nkudutsa njira yachidule ya m'mabulugamu.

"Pa mpopi paja ndinkakuthokozani, koma ndinasowa kanenedwe."

Mwezi uno anadikira. Mapiritsi akuchepa, njinga ili zii. Anayamba kumwa kamodzi pa tsiku kuti afikire. Atandifunsa pa sikelo, ine nkukana, anaganiza kuti akuchipatala asuntha tsiku. Kupita pa tsiku lolakwika, kutaya tikiti ya ntchito, nkukabwezedwa, anaopa. Botolo latha sabata yatha.

Sanandinene. Bola akanandinena.

Ndatuluka. Ine wa sitifiketi, wowerenga manambala a anthu tsiku ndi tsiku. Akanangondipatsa khadilo. Akanandipatsa bwanji, ine ndikuwathawa?

Lachiwiri, 28 Juni

Ndaweruka msanga. Kumasulanso. Girizi uja wagwirana ngati chingamu. Ndaviika zonse mu parafini wa mu nyali, kutsuka ndi mswachi wakale, kano ndi kano, mpaka kawaya kayambanso kukankha. Kano kamodzi kadyeka pang'ono kunsonga. Kagwira, kaya mpaka liti.

Oyilo ndatenga wa makina osokera a Sara. Botolo linali m'kabati momwe analisiya. Madontho chabe, monga ananenera a Leonard. Timipira ndabwezera ndi kagirizi kongokwana kutigwira, timano osatikhudza.

Kuzunguza. Tchetchetchetche. Mokweza kuposa kale.

Kuseri kwa khoma chifuwa chinaleka. Kenako kugogoda kawiri.

Ndamanga pilo pa kaliyala. Kwa akapitawo ndapempha tsiku la mawa. Afunsa ngati ndi kwa amayi. Ndati ayi, kuchipatala. "Mukudwala?" Ndati ndimalandira mankhwala kumeneko mwezi uliwonse, mawa ndikuperekeza a Marita. Anayang'ana pansi, nkusaina. Mawu atuluka, sabwereranso. Ndikuopa.

Lachitatu, 29 Juni

Sitinanyamuke mumdima, sakanatha kuzizira kuja. Dzuwa litatuluka, pa mpopi podzaza. Kuwakweza pa kaliyala, opepuka ngati dengu lopanda tiyi. Maso onse pa ife. Wina anasiya ndowa ikusefukira.

Pa kamtsetse ndinafuna kupalasa kuti tidutse msanga. Anandikoka malaya: "Musapalase. Ilekeni ilire."

Inalira mpaka kumunsi.

Pa chitunda cha mabulugamu timano tinaluma, sitinaphonye. Kuchipatala awagoneka. Adokotala sananene zambiri, angoti tachedwa koma tiona. Tiona. Ndabwerera ndekha, pilo ali pa kaliyala.

Pofika, zenera lawo lotseka, m'nyumba mulibe womva. Ndasiyabe kupalasa.