Woyamba Kuwoloka Ulalo

Okondedwa Achimwene,

Ndikupereka moni ndi manja awiri. Muli bwanji ku Halaleko? Kuno ku Chiringa tilipo, koma amayi miyendo yawatupa, kumunda sakupitanso.

Lamya ija inangokuuzani kuti abambo atisiya. Zina zonse imvani kwa ine.

Bungwe lathu lija losamalira misewu ndi zitsime linalandira misomali ndi matabwa kuchokera kuboma, akuti timange ulalo pamtsinje wa panjira ya kumanda uja. Mitengo anakadula ndi abambo kuphiri la Michesi. Ankatandala m'madzi akuzika nsanamira, ndipo chifuwa chinawagwira momwemo. Tikawaletsa ankangoti, “Mvula sidikira nkhalamba.”

Ulalo unatha abambo ali chigonere. Pamsonkhano wotseka chaka, a Namulu, mkulu wa bungwelo, anaimirira nati, “Ulalo uwu woyamba kupondapo ndi mwini thukuta. Tidikira adzuke.” Anautchinga mbali zonse ndi minga. Anthu ankawolokabe m'madzi, nsalu atakwinya, popanda wonyinyirika.

Abambo sanadzuke, Achimwene. Tsiku la maliro a Namulu anachotsa minga ija ndi manja awo, misozi ili chuchuchu. Onyamula chitanda anayenda cham'mbali mwake, osati patsogolo, kuti mutu wa abambo utsogole paulalo. Anawolokadi oyamba.

Ngati mungathe, tumizani bulangeti la amayi. Koma chachikulu bwerani mudzaone manda. Zaka zonsezi mwakhala mukuti mvula ikatha, mitsinje ikaphwa. Ulalo ulipo tsopano, nsapato zanu sizidzanyowa.

Mulungu akusungeni kuchilendoko.

Ndine mlongo wanu,
Esinati